Kujambula ankhonya kuti muone kaimidwe kawo: zoyenera ndi zosayenera

Ku Mtendere, komwe katswiri wa nkhonya Esther Phiri ankagulitsa ndiwo zamasamba asanatchuke, ngakhalenso ku Matero ndi Chawama, simusowa wachinyamata amene akusasantha thumba la mchenga madzulo, mnzake ali pambali ndi foni. Zithunzi zimatuluka zochuluka, koma n'za Facebook: nkhope yolusa, magolovesi m'mwamba, thukuta lili kamukamu. Kochi akaziona sapezapo chokonza. Malangizo awa ndi a wojambula amene akufuna kuti zithunzi zake zithandize womenya.

Zoyenera: Jambulani thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuzidendene. Nkhonya imayambira pansi. Phazi lakumbuyo limakankha nthaka, chidendene chimazungulira, chiuno chimatsatira, dzanja ndiye limamaliza. Womenyera dzanja lamanja amatsogoza phazi lamanzere, wamanzere amatsogoza lamanja, ndipo mapaziwo amatalikirana pafupifupi muyezo wa mapewa. Akapingasa miyendo pobwerera m'mbuyo, kapena akaima zidendene zonse zili pansi, chithunzi chizimuulula.
Zosayenera: Musadule mapazi pofuna kukulitsa nkhope. Nkhope amaidziwa kale kwawo.

Zoyenera: Imani patali mamita anayi kapena asanu, foni ili molingana ndi chiuno cha womenyayo. Ngati mulibe choimikira, sanjani njerwa kapena ikani foni pa kireti ya zakumwa. Tengani chithunzi china cham'mbali, china chakutsogolo. Cham'mbali chimaonetsa ngati mutu wapitirira bondo lakutsogolo. Chakutsogolo chimaonetsa zigongono zikatseguka ndi chibwano chikakwera.
Zosayenera: Musamuyandikire kwambiri, ndipo musagone pansi n'kujambula chokweza. Galasi la foni limakulitsa chilichonse chomwe chili pafupi, moti golovesi imaoneka yaikulu kuposa mutu, miyendo n'kufupika. Kamera yakutsogolo ija yodzijambulira muisiye, pakuti mafoni ambiri amatembenuza chithunzi, wamanja n'kuoneka wamanzere.

Zoyenera: Lembani ndi choko kapena khala pomwe pali mapazi a womenya ndi pomwe pali foni. Mukabwerera pakatha milungu iwiri, jambulani pamalo omwewo, nthawi yomweyo. Apa tingatengere nzeru kwa opikisana kuwombera chandamale. Pa mpikisano wa mfuti yamphepo wa mamita 10, womwe umachitika ku Olympics, kadontho kapakati n'kotambalala theka la milimita basi, ndiye wowombera amasamala kuti mapazi ake asasunthe mpaka atamaliza zipolopolo zonse 60. Wankhonya amayendayenda, inde, koma amayenera kukhala ndi kaimidwe komwe amabwererako akaponya nkhonya iliyonse.
Zosayenera: Musafanizire chithunzi cha lero chojambulidwa muli pansi ndi cha mwezi watha chojambulidwa mutakwera pampanda. Mudzaona kusintha komwe kulibe.

Zoyenera: Funani kuwala. Jambulani panja m'mawa kapena dzuwa litapendeka, lili kumsana kwanu. Ngati foni kapena kamera yanu ikulola, ikani liwiro la shata pa 1/500 kapena kupitirira, kuti dzanja lisachite chimbuuzi. Mafoni ambiri ali ndi kanema woyenda pang'onopang'ono. Masekondi khumi a kanema wotere amaphunzitsa kuposa zithunzi makumi asanu.
Zosayenera: Musayatse fulashi anthu akumenyana, ngakhale magetsi atathima. Mukamuthobwa m'maso munthu amene nkhonya ikumubwerera, mwamupereka. Ku mipikisano ya bungwe la owombera la ISSF fulashi njoletsedwa mpikisano uli mkati, ndipo ife tilibe chifukwa chochitira mosiyana.

Zoyenera: Mukapita kukaonera nkhonya zikuluzikulu, kaya ku Government Complex kaya ku OYDC, malo amasewera omwe anatsegulidwa mu 2010, sankhani womenya mmodzi ndi chinthu chimodzi, monga mmene amabwezera dzanja pachibwano. Jambulani raundi yoyamba, kenako yomaliza. Kutopa kumavula munthu: manja amatsika, mapazi amayandikana, pakamwa pamayasama. Akatswiri amasiyana ndi ena pamenepa. Onerani kanema wa Catherine Phiri pomwe anagonjetsa Yazmin Rivas ku Mexico mu January 2016 n'kutenga lamba wa WBC, kapena wa Patrick Chinyemba, yemwe anapata mendulo ya buronzi ku Birmingham mu 2022, koma maso akhale kumiyendo.
Zosayenera: Musamangodikira kuti wina agwe. Musatsamire zingwe kapena kutchinga oweruza.

Zoyenera: Pemphani chilolezo kwa kochi ndi kwa wojambulidwa. Akakhala mwana, makamaka mtsikana, kagwadeni kwa makolo kaye.
Zosayenera: Musaponye pa intaneti chithunzi cha mnzanu atatupa diso kuti anthu aseke. Komanso zofooka za womenya wanu si zogawira gulu la WhatsApp. Mdani wake wa mwezi wamawa alinso ndi foni.

Zoyenera: Onerani zithunzizo tsiku lomwelo, inu, kochi ndi womenyayo, thupi likadakumbukira zomwe linachita. Potumiza, tumizani ngati dokumenti, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi mpaka zala zakuphazi kusaoneka bwino. Lembani deti pa chilichonse.
Zosayenera: Musasanduke kochi chifukwa choti foni ndi yanu. Malemu Anthony Mwamba, amene anasula Esther Phiri, anali atamenyapo yekha nkhonya asanayambe kuphunzitsa ena. Inu onetsani kuti chidendene sichinazungulire. Chifukwa chake ndi mankhwala ake asiyireni akochi.