Phunziro 6: Khansa ndi Kusiyana kwa Olemera ndi Osauka

Pamaliro timamva anthu akunena kuti matenda saona nkhope. Mawuwa ndi otonthoza, koma pa nkhani ya khansa ya khomo la chiberekero si oona kwenikweni.

Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linapeza kuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 350,000 anafa ndi khansa imeneyi, ndipo mwa amayi 100 aliwonse, oposa 90 anali a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Malawi ali m'gulu la maiko amene nthendayi yafala koposa: chaka chilichonse imagwira amayi oposa 4,000, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Pomwe dziko la Australia likuyembekeza kuthana nayo pofika chaka cha 2035. Kodi matupi a amayi a ku Australia ndi ena?

Khansayi imayamba ndi kachirombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pogonana. Anthu ambiri amakatenga, ndipo thupi limakagonjetsa lokha. Mwa amayi ena kamakhalitsa, nkumasintha pang'onopang'ono khomo la chiberekero. Kuti pafike pa khansa yeniyeni pamapita zaka 15 mpaka 20. Taonani kutalika kwa nthawiyo! Mayi akayezedwa m'zaka zimenezi, namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, naona malo amene ayera, ndipo kawirikawiri amawatentha ndi kachipangizo tsiku lomwelo. Basi, mayiyo wapulumuka.

Tsono tiyerekeze amayi awiri. Wina ndi mphunzitsi wa m'tauni: anamva za kuyezetsa pa wailesi, chipatala chili pafupi, ndalama ya minibasi ali nayo m'chikwama chake. Winayo amakhala kumudzi, analekezera sukulu Sitandade 4, anakwatiwa ali wamng'ono, wabereka ana asanu ndi awiri. Kuyezetsa pachipatala cha boma nkwaulere, inde, koma kabaza si waulere, ndipo tsiku limene wapita kuchipatala ganyu wamuphonya. Ndalama amasunga ndi bambo, ndiye kuti ayambe wafotokoza kaye za kumalo kobisika, zimene mwambo unamuphunzitsa kusatchula. Akayamba kutaya magazi atakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, kapena atasiya kale kusamba, amangoti zipita. Ena amamuuza kuti ndi zamatsenga. Akamafika ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, nthenda yakhala itafalikira. Kachirombo nkamodzi, koma mmodzi wachira pa tsiku limodzi, wina wasiya ana amasiye.

Kuwonjezera apo, mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake, ndipo mwa iye khansa imakula msanga. Pamenepa abambo tisaloze chala amayi ayi. Kachirombo ka HPV sikabwera ndi mphepo.

Ngakhale chithandizo chimene chakhala chosankha. Kwa zaka zambiri, mpaka 2024, m'dziko muno munalibe makina otenthera khansa ndi cheza. Wodwala ankayenera kupita kunja, ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia. Wachuma ankakwera ndege. Wosauka ankalembedwa pa mndandanda wa boma nkumadikira, ndipo ambiri anatisiya akudikirabe.

Gawo 30 la Malamulo Aakulu a dziko lino limalamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana pa maphunziro, chakudya ndi chithandizo cha zaumoyo. Choncho kufunsa khansala, phungu kapena komiti ya chipatala chifukwa chake kuyeza amayi sikufika m'dera lathu si mwano. Koma ena a ife takana tokha chimene chinafika pakhomo. Kuyambira 2019 boma limapereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 mwaulere, ndipo makolo ena amabisa ana awo atamva mphekesera yoti katemerayu amatseka mimba. Bodza limenelo limapweteka mwana wa wosauka, amene mwina sadzayezedwa moyo wake wonse.

Pokambirana m'mphakati mwanu, funsanani: malo oyezera amayi apafupi ali kuti, amayeza masiku ati, ndipo kupita ndi kubwera ndi ndalama zingati? Nanga ndi amayi ati pakati pathu amene sangaipeze ndalamayo?