Khofi kaye, mtengo pambuyo: mafunso a omvera pa zochita malonda ndi Aluya

Woulutsa: Nthawi ija yakwana, omvera, ya mafunso ndi mayankho. Makalata a lero onse akukamba nkhani imodzi, yochita malonda ndi Aluya. Ndili ndi abambo omwe akhala nthawi yaitali akuperekeza amalonda athu ku Dubai ndi maiko oyandikana nawo.

Katswiri: Masulani thumbalo timve.

Woulutsa: Yoyamba yachokera ku Limbe, kwa mayi wogulitsa nsalu ndi mafuta onunkhira. Akuti, "Mwezi wamawa ndikupita koyamba ku Dubai kukapikula katundu. Anzanga akundiopseza kuti Aluya ndi ovuta. Ndidziwiretu chiyani ndisanakwere ndege?"

Katswiri: Mayi, mtima m'malo. Mukhoza kutha sabata yathunthu m'misika ya ku Deira, kugula, kumanga mabelo, kutumiza, osagulako kanthu kwa Mluya ndi mmodzi yemwe. M'dziko la United Arab Emirates, momwe muli Dubai, mwa anthu 10 alionse pafupifupi 9 ndi obwera. Wam'sitolo ya nsalu ku Naif kawirikawiri amakhala wa ku India, Pakistan kapena Iran, ndipo ku Dragon Mart, msika womwe unatsegulidwa mu 2004, mukapeza Matchaina. Eni nthaka mukakumana nawo pabwalo la ndege podinda pasipoti, m'maofesi a boma, ndi m'mipando ya pamwamba ya makampani akuluakulu. Komabe malamulo, kalendala ndi nthawi ya mapemphero ndi zawo, ndipo aliyense wokhala kumeneko amatsata zimenezo.

Mudziwenso kuti Aluya si anthu a m'mudzi umodzi. Bungwe la Arab League lili ndi mamembala 22, kuyambira Mauritania ndi Morocco kumadzulo mpaka Oman kum'mawa. Wamalonda wa ku Lebanon akhoza kukhala Mkhristu. Wa ku Cairo amanenerera moseka ndi mokweza mawu, pamene wa ku Riyadh amalankhula pang'ono. Munthu wa ku Iran kapena Turkey musamutche Mluya, si Mluya ndipo sangakondwe nazo. Zomwe ndinene lero makamaka ndi za maiko a ku Gulf, komwe ambiri a ife timapita.

Woulutsa: Yachiwiri ndi ya bambo a ku Lilongwe, ndipo akuoneka kuti mtima ukuwawa. Akuti, "Ndili ndi kampani yaing'ono yogula mtedza ndi nandolo. Ndinapita ku Muscat kukakumana ndi bwana wina yemwe anaonetsa chidwi. Ndinakhala ola lathunthu ndikumwa khofi wowawa, anthu akulowa ndi kutuluka, iye akuyankha foni. Za mtengo sitinakambe n'komwe. Kodi kumeneku si kundinyoza?"

Katswiri: Ayi bambo, simunanyozedwe. Akanafuna kukunyozani akanakusiyani m'manja mwa kalaliki pakhomo. Malo omwe anakulowetsaniwo amatchedwa majlis, chipinda cholandiriramo alendo chomwe mipando yake imatsata khoma. Ndi momwe mwamuna waulemu wake amamvera madandaulo, kulandira abale, ndi kuyeza anthu achilendo ngati inu. Chitseko chake sichitsekedwa, n'chifukwa chake anthu ankalowa ndi kutuluka. Mu 2015 bungwe la UNESCO linaika majlis pamodzi ndi khofi wa Chiarabu pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa, pempho litachokera ku Oman, Qatar, Saudi Arabia ndi Emirates. Ndiye musaganize kuti ndi ulesi wa bwana mmodzi.

Mu ola lija, mtedza wanu sunali pa sikelo. Pa sikelo panali inuyo. Makampani ambiri akuluakulu kumeneko ndi a mabanja: Al-Futtaim ndi Al Ghurair ku Dubai, Bahwan ku Oman, Olayan ku Saudi Arabia. Dzina lomwe lili pa chikwangwani ndi la atate kapena agogo a munthu yemwe mukulankhula nayeyo. Funso lomwe lili m'mutu mwake ndi lakuti, kontena ikachedwa pa doko la Beira kapena Nacala, kodi munthu uyu adzandiuza zoona kapena adzazimitsa foni? Yankho lake amalifuna pa kakhalidwe kanu, osati pa pepala la mitengo.

Za khofiyo ndifotokoze bwino, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepa. Amabwera mu ketulo ya mlomo wautali yotchedwa dallah, n'kuthiridwa m'kakapu kopanda chogwirira. Alibe shuga, amanunkhira cardamom, ndipo amathira pang'ono pansi pa kapu. Musadandaule kuti akukumanani. Kudzaza kapu ndiko kumamveka ngati akuti imwani muzipita. Landirani ndi dzanja lamanja. Kapu yoyamba musakane, ngakhale simumwa khofi, ingolawani. Ziwiri kapena zitatu zakwana, ndipo mukakhuta gwedezani kakapuko pang'ono pobweza. Mukapanda kugwedeza, wothirayo apitiriza kuthira. Kuwawa kuja kumaphedwa ndi tende zomwe amaika pambali, ndipo ku Oman amaonjezera halwa, chakudya chotsekemera chonanda.

Polowa perekani moni kwa aliyense, kuyambira wamkulu kapena kumanja kwanu. Akalowa wamkulu imirirani. Mukaona nsapato pakhomo vulani zanu, ndipo pokhala musalozetse pansi pa phazi kwa munthu. Funsani za umoyo wake ndi wa banja lonse, koma mkazi wake kapena ana ake aakazi musawatchule. Akabweretsa zofukiza za oud n'kuzizungulitsa kwa alendo mutatha kudya, dziwani kuti nthawi yotsanzika yafika.

Woulutsa: Nanga za mtengo ayambe ndani?

Katswiri: Mwini nyumba, chemwali. Mwina tsiku lomwelo kumapeto, mwina ulendo wachiwiri. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti munthu yemwe kwawo sangatule nkhani kwa amfumu malonje asanathe, akangotsika ndege amayamba kuyang'ana wotchi ndi kusolola mapepala. Ulemu womwe akufuna kumeneko tili nawo kale, timangousiya pa Kamuzu International Airport. Bambo a ku Lilongwe, alembereni bwana uja uthenga wothokoza, mumufunse za umoyo wake, ndipo mupemphe kuonananso.

Woulutsa: Wophunzira wina wa ku Mzuzu akufunsa mwachidule: "Maina awo ndi atali. Ndimutchule liti?"

Katswiri: Loyamba, koma ndi ulemu patsogolo pake. Munthu akakhala Ahmed bin Khalid, "bin" akusonyeza kuti ndi mwana wa Khalid, ndipo kwa mkazi amati "bint". Pa Chingerezi mumuti Mr Ahmed, osati Mr Khalid, chifukwa pamenepo mwaitana atate ake. Ngati ndi dokotala kapena injiniya, tchulani udindowo, amaukonda. Ku Gulf dzina loti Sheikh limapita kwa a banja lachifumu komanso akuluakulu a chipembedzo, choncho musamangolimwaza kwa aliyense wovala mkanjo woyera. Palinso mwambo womwe ife sutivuta kumva, woitana munthu ndi dzina la mwana wake woyamba wamwamuna: Abu kwa bambo, Umm kwa mayi. Mtsogoleri wa Palestine, Mahmoud Abbas, anthu ake amamuti Abu Mazen. Mukamva anzake akumuitana choncho ndipo mwazolowerana, yambani nanunso. Nkhope yake idzakuuzani kuti mwalowa m'nyumba.

Woulutsa: Iyi yachokera ku Chipata m'dziko la Zambia. "Ndimagula zipangizo za galimoto ku Sharjah. Ndinapempha mwini sitolo, Mluya wa ku Syria, kuti azindipatsa katundu pangongole. Anamwetulira n'kunena kuti inshallah. Papita miyezi itatu, zii. Kodi anavomera kapena anakana?"

Katswiri: Achimwene, anakana. Koma mawuwo paokha si okana. Msilamu wopembedza amati inshallah, Mulungu akalola, pa chilichonse cha mtsogolo, ngakhale ndege yomwe tikiti yake ili kale m'thumba. Mvetserani zomwe zikutsatira. Akatchula tsiku, akakupatsani dzina la munthu woti muonane naye, akapempha chikalata cha kampani yanu, ndiye kuti nkhani ikuyenda. Akangomwetulira n'kuitanitsa tiyi wina, wakana mosafuna kukuchititsani manyazi. Kuuza mlendo "ayi" pamaso, makamaka pali anthu ena, kwa iwo n'kupanda khalidwe.

Musamupanikize kuti alankhule mosapsatira. Mupatseni njira ina: ndilipire zonse maulendo angapo, kenako tiyese theka. Ngongole imabwera pambuyo pa mbiri, kapena pakakhala munthu wodziwika kwa iye yemwe angakuimireni. Zimenezi amazitcha wasta. Wokuperekezaniyo amaika dzina lake pachikole, ndipo mukathawa ndi katundu mwamuphera ubale womwe anaumanga zaka zambiri. Sindikuikometsa wasta. Imatsekera kunja anthu aluso opanda owadziwa, ndipo achinyamata a Chiluya eni ake amaidandaula. Koma ilipo, ndipo wamalonda wochokera kutali ayenera kuyamba wapeza womugwira dzanja.

Tsono apa mumve bwino, chifukwa mbali iyi ndi yomwe imaluzitsa ndalama. Kulandiridwa bwino si mgwirizano. Mwadya mpunga ndi nyama ya nkhosa m'mbale imodzi, wakutchulani m'bale, zonsezo n'zabwino, koma mtengo, kuchuluka kwa katundu, tsiku lotumiza ndi yemwe alipire sitima zilembedwe. Iye sakhumudwa nazo, makampani awo ali ndi maloya ngati ena onse. Onani chiphaso chake cha bizinesi, ndipo ndalama zipite ku akaunti ya kampani, osati ya munthu. Funsani ngati mtengo waphatikiza msonkho wa VAT, womwe ku Emirates ndi 5 peresenti kuyambira 2018, pamene ku Saudi Arabia unakwera kufika 15 peresenti mu Julaye 2020. Ndalama ya ku Emirates, dirham, inamangiriridwa ku dola ya America pa 3.6725 kuyambira 1997, choncho yomwe imagwedezeka pakati pa kuoda ndi kulipira ndi kwacha yanu. Ndipo mukamalemba za chilango cha wochedwa kulipira, dziwani kuti ena opembedza kwambiri salola chiwongoladzanja, chomwe Chisilamu chimaletsa. N'chifukwa chake kuli mabanki ngati Dubai Islamic Bank, yomwe inayamba mu 1975, omwe amagula katundu n'kukugulitsani ndi phindu logwirizana m'malo mokubwereketsani ndalama.

Woulutsa: Nanga zinthu zikasokonekera, munthu n'kupsa mtima?

Katswiri: Ukayenda siya phazi, chemwali, ukasiya mlomo ukutsata. Ku Emirates kutukwana munthu pa WhatsApp kapena Facebook ndi mlandu, ndipo kujambula munthu popanda chilolezo chake n'kufalitsa chithunzicho ndi mlandunso. Amene anakudyerani ndalama akhoza kukusumirani inuyo chifukwa cha uthenga umodzi wolembedwa ndi ukali. Mudzudzuleni muli awiri, mofatsa, osati pamaso pa antchito ake. Zikakanika, pitani ndi mapepala anu kwa a malamulo.

Woulutsa: Mayi wina wa ku Zomba akuti, "Ndinatambasula dzanja kupereka moni kwa bambo wina wa Chiluya, iye n'kungogwira pachifuwa. Ndinachita manyazi."

Katswiri: Musachite manyazi mayi, anakulemekezani m'njira yake. Asilamu ena sagwirana chanza ndi munthu yemwe si mwamuna kapena mkazi mnzawo, pokhapokha akhale wachibale. Dikirani muone ngati atambasule dzanja, apo ayi gwirani pachifuwa nanunso n'kumwetulira. Abambo, inunso chimodzimodzi mukakumana ndi mayi wa Chiluya. Ndipo musaganize kuti mayi m'ofesi ndi mlembi. Ku Emirates kuli nduna za boma zachizimayi, ndipo ku Saudi Arabia amayi akuyendetsa galimoto kuyambira Juni 2018. Pa zovala, mapewa ndi mawondo zibisike. Ku Dubai sakukakamizani mpango kumutu pokhapokha mukulowa mumzikiti.

Woulutsa: Nthawi yatithera, koma iyi ya ku Mangochi tisaisiye. "Ndi nthawi iti yabwino kupita, ndipo ndinyamule mphatso yanji?"

Katswiri: Mphatso ikhale ya kwanu: tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu, mtedza wa macadamia. Mowa ayi, ndipo ku Kuwait, Saudi Arabia ndi Sharjah ukhoza kukugwetsani m'mavuto. Chilichonse cha nkhumba ayi. Mphete ya golide kapena nsalu ya silika musapatse mwamuna, ambiri savala pa zifukwa za chipembedzo. Perekani ndi dzanja lamanja, ndipo akaiika pambali osatsegula musadabwe.

Za nthawi, yang'anani kalendala ya Chisilamu. Mwezi wa Ramadan umabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. M'mwezi umenewo lamulo la ku Emirates limachotsa maola awiri pa tsiku la ntchito, masana zinthu zimayenda pang'onopang'ono, ndipo nkhani zambiri zimakambidwa usiku anthu atafuturu. Musadye kapena kumwa pamaso pa yemwe akusala, koma akakuitanani ku futari pitani, ndi mwayi waukulu. Pa Idi zonse ziwiri maofesi amatsekedwa masiku angapo. Mu Julaye ndi Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo mabwana ambiri amakhala atachoka.

Masiku opuma nawo si amodzi. Saudi Arabia, Oman, Qatar ndi Kuwait amapuma Lachisanu ndi Loweruka, Lamulungu ali pa ntchito. Emirates inasintha mu Januwale 2022, tsopano imapuma Loweruka ndi Lamulungu, koma Lachisanu maofesi a boma amaweruka 12 koloko masana chifukwa cha mapemphero a Juma, pamene a boma ku Sharjah Lachisanulo satsegula n'komwe. Dubai ali patsogolo pathu ndi maola awiri. Ngati muli ndi nkhani ku ofesi ya boma Lachisanu, imbani 10 koloko ya kuno isanakwane.