PHUNZIRO 14: ONESIMO, DZINA LA KAPOLO

Kuwerenga: Filemoni 8-21
Mau oloweza: Filemoni 16
Cholinga: Ana adziwe kuti kwa Khristu palibe munthu wopanda pake.

Poyamba

Funsani ana tanthauzo la maina ao. Mudzapeza Chikondi, Chimwemwe, mwinanso Mabvuto. Auzeni kuti maina a m'Baibulo nawonso ali ndi matanthauzo.

Tanthauzo la dzina

Dzina loti Onesimo lichokera ku mau a Chigriki, onesimos, ndiko kunena kuti wothandiza kapena waphindu. Akapolo ambiri ankapatsidwa dzinali, chifukwa mbuye ankaona kapolo ngati khasu logwirira ntchito.

Onesimo anali kapolo wa Filemoni, Mkhristu wa ku Kolose. Anachoka kwa mbuye wake nakakomana ndi Paulo ali m'ndende, ndipo kumeneko anakhulupirira Yesu. Pomubweza kwa Filemoni, Paulo analemba za tanthauzo la dzinalo pa vesi 11: munthu amene kale analibe phindu tsopano wakhaladi waphindu. Koma sanalekere pomwepo. Pa vesi 16 apempha kuti Onesimo alandiridwe monga mbale, ndipo pa vesi 18 alonjeza kulipira yekha mangawa ake.

Kwathu kuno

Ana a ku Nkhotakota asaiyese nkhaniyi yakutali. M'zaka za m'ma 1800 anthu ankaoloka nyanja yathuyi m'zombo, ali omangidwa, kupita ku msika wa akapolo ku Kilwa. M'chaka cha 1863 David Livingstone anakomana ndi Jumbe pansi pa mkuyu, namdandaulira kuti aleke malondawo. Ogula ankangoyang'ana mphamvu za munthu. Za mtima wake analibe nazo kanthu.

Kwa inu aphunzitsi

Ndili mphunzitsi ndinakalipira mnyamana wina wochedwa masiku onse, ndi kumutcha wachabechabe. Pambuyo pake ndinamva kuti ankayamba wakoka khoka mbandakucha kuti agogo ake apeze ndiwo. Mnyamatayo sanabwerenso ku sukulu, ndipo mau aja amandiwawabe. Samalani pakamwa panu. Mwana amasenza dzina limene mwamupatsa, ngakhale lachipongwe.

Mafunso

1. Kodi dzina loti Onesimo litanthauzanji?
2. Paulo anapempha chiyani kwa Filemoni?
3. Ndani anatilipirira ife mangawa athu?

Ntchito

Mwana aliyense akafunse makolo chifukwa chimene anamupatsira dzina lake, ndipo adzafotokoze Sabata la mawa. Tsekani ndi pemphero, mukutchula mwana aliyense dzina lake.