Ulendo wa pa sitima womwe ndikukonza kuseri kwa kope la Jogalafe

Anzanga, mukandiona ndikujambula mapu nthawi ya buleki musamati ndapenga. Ndikukonza ulendo womwe ndidzayende ndekha ndikadzalemba mayeso a Fomu 4: kuchoka ku Livingstone, Zambia, mpaka ku Dar es Salaam, Tanzania, pa sitima basi.

Poyamba ndidzakwera ya Zambia Railways, kudutsa Lusaka mpaka ku Kapiri Mposhi. Pamenepo mpomwe pamayambira njanji ya TAZARA, yomwe inamangidwa ndi thandizo la China n'kutha mu 1975. Ndi ya makilomita 1,860, pafupifupi masiku awiri uli m'sitima. Ubwino wake umagona momwemo, ndiye ndalama ya resitihausi yapulumuka.

Koma ndinalakwitsa poyamba, ndinangowerengera tikiti yokha. Sitimayi imachedwa, nthawi zina tsiku lathunthu, ndipo mimba sidikira ayi. Pano ndaonjezerapo ndalama ya chakudya cha masiku awiri apadera, ndi mtedza wokazinga wa m'chikwama. Ndalamazo ndazigawa pawiri: makwacha a ku Zambia ogwiritsa ntchito mpaka pa malire pa Nakonde, ndi mashilingi oyambira pa Tunduma, mbali ya Tanzania.

Pasipoti ndiye ndilibe. Koma nkhuku zanga zitatu zija zayamba kuikira, ndipo mazira ake sindikudya.