Ziwengo za Kumaso ndi Kasamalidwe Kake

Nyengo yothyola ndi kusankha fodya ikafika, m'midzi ya ku Kasungu mumamveka madandaulo a nkhope zoyabwa. Munthu amangoona zotupa pamasaya, pachipumi kapena m'zikope, zoyabwa ngati wakhudza chitedze. Nthenda imeneyi ndi ziwengo, ndipo mwa anthu 5 alionse, mmodzi amaidwalapo pa moyo wake. Pa khungu lakuda zotupazi sizifiira kwenikweni ayi, koma zimadziwika ndi kutukuka kwake, ndiponso chifukwa chotupa chimodzi chimaphwa asanathe maola 24 pamene china chatuluka kale pena.

M'khungu muli mankhwala achibadwa otchedwa histamine. Thupi likakumana ndi chinthu chosayanjana nalo limatulutsa mankhwalawa, tsono timitsempha ta magazi timatayira madzi m'khungu, ndipo malowo amatupa ndi kuyabwa. Kwa ena chiyambi chake ndi fumbi la m'chigafa, thukuta kapena mankhwala opopera m'munda. Kwa ena ndi mtedza, mazira, nsomba, ngumbi, matondo kapena mbola ya njuchi. Penicillin, aspirin ndi Bactrim nawonso amayambitsa ziwengo, ndipo kwa ana zimatsatana kawirikawiri ndi chimfine. Nthendayi siipatsirana, ndipo sichita kulodzedwa. Chotero aphunzitsi asabweze mwana kunyumba poopa kuti apatsira anzake.

Chinthu choyamba, ndiponso chovuta koposa, ndi kuleka kukanda, pakuti kukanda kumatulutsa histamine wina. Wodwala achoke padzuwa kapena pamoto, akhale pamthunzi, anyike kansalu koyera m'madzi ozizira a mumtsuko ndi kukaika pankhope kwa mphindi 10. Angathe kubwereza kangapo pa tsiku. Koma munthu amene ziwengo zake zimabuka ndi kuzizira asachite zimenezi.

Posamba kumaso agwiritse ntchito manja okha, osati chinkhupule. Madzi otentha amakoma pa kanthawi, koma pambuyo pake kuyabwa kumakula. Sopo wochapira zovala ndi sopo wonunkhira aziikidwa padera kufikira khungu litachira. Akasamba asapukute mokhula, koma angogunditsa nsalu pang'onopang'ono, ndipo nkhope ikadali yonyowa pang'ono adzole Vaseline woyera wopanda fungo, wochepa chabe. Mafutawa sachiza ziwengo, zimenezi zidziwike; ntchito yake ndi kusunga chinyezi kuti khungu lisaume ndi kung'aluka, makamaka mu June ndi July pamene mwera uli kuwomba ndipo anthu ali m'fumbi la fodya tsiku lonse. Khungu louma limayabwa kawiri. Calamine amaziziritsa, koma amaumitsa khungu, ndipo asayandikire m'maso.

Pali chizolowezi choipa chopaka phulusa, mandimu, mchere kapena palafini pa zotupa, mwinanso kutema mphini. Zonsezi zimatentha khungu la kumaso, limene ndi lopyapyala, ndipo zimasiya zipsera pamene ziwengozo zikanatha zokha osasiya kanthu. Mafuta oyeretsa khungu a pamsika ndi oipa koposa, pakuti ambiri ali ndi mankhwala amphamvu amene amapyapyalitsa khungu.

Mankhwala enieni ndi akumwa, oletsa mphamvu ya histamine, monga Piriton ndi cetirizine. Piriton amagonetsa tulo, kotero womwa asayendetse njinga yamoto kapena galimoto. Muyeso wa mwana, ndi wa mayi woyembekezera, auneneretu a kuchipatala. Ndi bwino kulemba m'kope zimene wodwala anadya, kumwa kapena kugwira tsiku limenelo, chifukwa kopelo lidzathandiza dokotala ngati ziwengo zipitirira masabata 6.

Koma milomo, lilime kapena kukhosi kukayamba kutupa, mawu akasasa, munthu akamabanika kapena kuchita chizungulire, za nsalu ndi mafuta zatha. Wodwala wotere angathe kufa m'kanthawi kochepa, ndipo chomupulumutsa ndi jakisoni wa adrenaline. Abale amutengere msanga, ngakhale usiku, ku chipatala chapafupi, kaya cha boma ku Kasungu, cha St Andrew's ku Mtunthama kapena cha ku Nkhamenya. Achitenso chimodzimodzi ngati wina wamwa mankhwala atsopano ndipo khungu layamba kusupuka kapena m'kamwa mwatuluka zilonda, ndipo atenge paketi ya mankhwalawo kukaonetsa dokotala.