Nduna zoyamba za Kamuzu ndi ndende ya Dzaleka

Funso: Kodi n'chiyani chinagwetsa nduna zoyamba za Malawi? Wowerenga wa ku Mponela.

Yankho: Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, nduna zinatsutsa Dr Kamuzu Banda pa nkhani ya ndalama ya tiki yolipira kuchipatala, ubale ndi Portugal, komanso kuchedwa kukweza Amalawi pa ntchito zaboma. Mu September iye anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Chipembere anatula okha pansi maudindo. Ambiri anathawira kunja.

Zotsatira zake zinafika mpaka ku Dowa, kumene ndende ya Dzaleka inkasunga anthu oganiziridwa kuti ndi oukira, osazengedwa mlandu. Mu 1994 malowa anasanduka msasa wa anthu othawa kwawo.