Khoswe Wofa ndi Mankhwala Amaphanso Ena: Uthenga kwa Mabanja a ku Area 36

Chimanga chikangolowa m'nyumba, makoswe nawo amalowa. Amaboola matumba, amadya sopo, amasokosera kudenga usiku wonse, ena mpaka kuluma zala za ana ali m'tulo. Palibe angakudzudzuleni chifukwa chofuna kuthana nawo. Pempho lathu ndi limodzi: musanathire mankhwala, ganizirani kaye za amene adzadye khosweyo akafa. Kuno ku Area 36, kaya ndi ku Kaondo kaya ku Phwetekere, mabanja angapo amakhala mumpanda umodzi, dzala n'limodzi, nkhuku zimadyera pamodzi, ana amasewera bwalo limodzi. Poizoni wothiridwa kuseri kwa chitseko chimodzi amafika pakhomo la aliyense.

Buluzi amene adafa ndi chiphaniphani

Kumayiko a ku Ulaya ndi ku America anthu ena amaweta m'nyumba buluzi wotchedwa bearded dragon. Kwawo kwenikweni ndi ku Australia, ndipo ndi wa banja limodzi ndi gulo wathuyu. Eni ake, pofuna kumusangalatsa, amamugwirira tizilombo panja. Mu 1999 akatswiri a payunivesite ya Cornell ku America, mmodzi mwa iwo Thomas Eisner, adalemba za abuluzi otere amene adafa atameza ziphaniphani za kumeneko. Chimodzi chokha chimakwanira. Buluziyo amayamba kupukusa mutu, kuyasamula ngati akufuna kusanza, khungu kuda, ndipo pakangopita ola limodzi kapena awiri wafa. Ziphaniphanizo zili ndi poizoni wogwira mtima, wofanana ndi wa achule. Abuluzi ndi mbalame zambiri za komweko zimazipewa, koma mlendo wochokera ku Australia sakudziwa, amangomeza.

Ife sitiweta abuluzi, koma nkhaniyi ikutikhudza. Chiweto chimapulumuka ku zakupha za m'tchire ngati chazizindikira, ndipo sichingazindikire chimene sichinakumane nacho.

Zakupha zimene zimachenjeza

Zolengedwa zambiri zapoizoni sizibisa. Nunkhadala ali ndi mitundu yowala komanso fungo loipa, ndipo mbalame zambiri zimamusiya. Kachilombo kakuda ka mizere yachikasu kapena yofiira kamene kamadya maluwa a nyemba ndi khobwe kamatulutsa madzi otupitsa matuza pakhungu. Kakamezedwa kamapweteka m'mimba ndi impso, choncho ana asakaseweretse. Achule a khungu lokhakhala, amene amadzaza pansi pa magetsi mvula ikayamba, ali ndi timatumba ta poizoni kuseri kwa maso. Galu wamkulu amene adalumako kamodzi kawirikawiri sabwereza. Amene amagwa m'vutoli ndi tiana ta agalu: timatulutsa thovu, kupukusa mutu, kukanda kukamwa. Achule a kuno kawirikawiri sapha galu. Ngati mwaona ndi maso anu kuti waluma chule, pukutani nkhama ndi lilime lake ndi nsalu yonyowa kangapo, mutu mutauzyolitsa kuti asameze madziwo. Akayamba kunjenjemera kapena kugwa, mutengereni kwa dokotala wa ziweto.

Koma samalani apa. Galu wochucha dovu popanda chifukwa chodziwika akhoza kukhala wa chiwewe. Ameneyo musamuike dzanja kukamwa. Akakulumani kapena dovu lake likagwera pabala, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zakupha zimene sizichenjeza

Khoswe amene wadya mankhwala alibe mtundu wowala kapena fungo lochenjeza. M'malo mothawa amatuluka masana, kuyenda modzandira, kukhala pambalambanda. Mphaka amene dzulo adamulephera, lero amugwira mosavuta. Galu amamutola padzala, abakha amamukhadzula, khwangwala amauluka naye kukamutaya mumpanda wina. Nyambo imene ikadali m'mimba mwa khosweyo ndiyo imalowa mwa amene wamudya.

Mwa mankhwala a makoswe, woopsa kwambiri ndi tameki, timibulu takuda tonga njere za bonongwe tija timagulitsidwa m'timapepala topanda dzina m'misika ndi m'mbali mwa misewu. Dzina lake lenileni ndi aldicarb. Adapangidwira kumunda, kupha tizilombo ta m'nthaka ndi ta pambewu, osati kuikidwa m'nyumba mogona anthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidamuika m'gulu la mankhwala oopsa kuposa onse. Amasokoneza mitsempha moti thupi limalephera kudzilamulira: dovu ndi thukuta zimangochucha, kamwana ka diso kamachepa kwambiri, munthu kapena chiweto chimasanza, kutsekula m'mimba, kunjenjemera, m'chifuwa mumadzaza madzi mpaka kupuma kumakanika. Zonsezi zimayamba pakangopita mphindi zochepa, kawirikawiri osadutsa ola.

Vuto lina ndi lakuti wogula sadziwa chimene chili m'kapepalako, ngakhale wogulitsa amene. Abale athu a ku Joni akudziwa zimene zidachitika ku Naledi, ku Soweto, mu Okutobala 2024. Ana 6 adamwalira, ndipo boma la South Africa lidapeza kuti chidawapha ndi terbufos, mankhwala ena a kumunda amene amagulitsidwa m'misewu ngati ophera makoswe. Moyo wa m'makomboni a kumeneko susiyana kwenikweni ndi wathu: nyumba zothithikana, zinyalala zosatoledwa, makoswe ochuluka, ndi mankhwala otchipa opanda dzina. Kuno kwathu lamulo la mankhwala ophera tizilombo la m'chaka cha 2000 lidakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, ndipo mankhwala ovomerezeka amagulitsidwa atalembetsedwa, ali m'paketi yakeyake yolembedwa dzina ndi malangizo. Opanda lebulo musagule, ngakhale atatchipa bwanji. Ngati muli nawo kale, musawasunge m'nyumba, ndipo musawataye padzala kapena mumngalande. Funsani alangizi a zaumoyo kapena a zaulimi akuuzeni katayidwe kake.

Pali mtundu wina, wa m'masitolo, umene umakhala timibulu kapena timadulidwe ta buluu, tobiriwira kapena tofiirira. Umenewu supha msanga. Umalepheretsa magazi kuundana, ndipo khoswe amatha masiku 3 mpaka 7 akuyendayenda, akudyabe nyambo, asanafe. Masiku onsewo ndi nyama yapoizoni yoyenda yokha. Mankhwalawa amakhalitsa m'chiwindi, choncho mphaka wodya makoswe otere mobwerezabwereza amawaunjika m'thupi mwake. Amene amanyenga anthu ndi amenewa, chifukwa galu akadya lero, mawa amaoneka bwinobwino. Patapita masiku 3 mpaka 5 ndi pamene amafooka, nkhama zimayera, amapuma movutikira, magazi amatuluka m'mphuno, mumkodzo kapena m'chimbudzi. Pofika apo anthu aiwala za khoswe uja, ndipo ena amayamba kuloza chala anansi kuti awalodzera galu. Maubale ambiri asokonekera chonchi popanda wolakwa.

Kadzidzi nayenso amafa imfa yomweyi. Tikudziwa kuti ambiri samufuna padenga, koma kadzidzi mmodzi amadya makoswe kapena mbewa zitatu kapena zinayi usiku umodzi. Iye ndi mphaka akatha, makoswe otsala amaswana popanda wowaletsa, ndipo chaka chamawa mudzagula mankhwala ochuluka kuposa chino. M'tchire zimachitikanso chimodzimodzi: ku Botswana mu Juni 2019 miimba 537 idafa itadya mitembo itatu ya njovu yothiridwa poizoni.

Nanga zimene timadya ife?

Mbewa ndi ndiwo, ndipo amene amayenda mumsewu wa M1 kulowera ku Dedza amaziona zili pamipani nyengo yokolola ikatha. Mbewa zokumba kumunda kapena zogwidwa pamsampha si zimene tikukamba. Nkhawa yathu ili pa anyamata athu amene amasaka mbewa m'mapuloti osamangidwa ndi m'timinda ta pakati pa nyumba, pomwe anthu oyandikana nawo athira mankhwala. Auzeni momveka: mbewa yotola itafa kale, kapena yogwidwa chifukwa ikulephera kuthawa, si ndiwo. Chimodzimodzi njiwa kapena mpheta yopezeka ikuphupha pansi popanda bala la legeni. Musadalire moto. Kuwamba kapena kuwiritsa sikutsimikiza kuti poizoni watha.

Ngumbi nazo zifunika kufunsa kumene zachokera. Kuno anthu akumanga tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri amathira mankhwala a chiswe pachulu ndi m'maziko. Ngumbi zotuluka pachulu chothiridwa mankhwala zisadyedwe ndipo zisaperekedwe kwa nkhuku. Kuyambira pamene mbozi zowononga chimanga zidafika m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, ngakhale kamunda ka kuseri kwa nyumba kamapoperedwa. Mukapopera, tsekerani nkhuku ndi abakha, ndipo ana asagwire ziwala m'mundamo mpaka masiku olembedwa palebulo atakwana. Mphemvu zimene zafa mutapopera m'nyumba musazisesere pabwalo. Zisonkhanitseni mukataye m'chimbudzi chokumba.

Chovuta kwambiri kuchimvera ndi ichi, ndipo tikumvetsa chifukwa chake: nkhuku yofa mwadzidzidzi, kapena yodwala itatola nyambo, isaphedwe kuti idyedwe. Nkhuku ndi ndalama, ndipo mtima umawawa kuitaya. Koma musaiphike, musaigulitse kwa ootcha nyama, musaponyere galu matumbo ake. Mazira a nkhuku zimene zapulumuka adikire mpaka alangizi a ziweto atanena kuti angadyedwe.

Munthu akadya kapena mukamukayikira

Thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Pitani ku chipatala chimene chili pafupi, monga cha Kawale, cha Bwaila kapena cha Partners in Hope konkuno ku Area 36. Odwala kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central. Tengani kapepala ka mankhwalawo kapena zotsala za chakudyacho mujumbo yomanga bwino, ndipo kumbukirani nthawi imene wadya.

Musamumwetse mkaka, mafuta ophikira, dzira laliwisi kapena madzi a mchere. Musamupise chala kukhosi. Zimenezi sizichotsa poizoni, zimangochedwetsa ulendo, ndipo masanzi akalowa m'mapapo vuto limakula. Ngati mankhwala agwera pazovala, muvuleni ndi kumusambitsa ndi sopo. Ngati wakomoka, mugonekeni chammbali kuti dovu lizituluka. Pakabaza pakhale munthu wina womugwira kumbuyo. Kuchipatala kuli mankhwala enieni: atropine wa tameki ndi anzake, ndi vitamini K1 wa mankhwala a magazi aja. Mwana asaopsezedwe ndi chikwapu, chifukwa mwana wamantha amabisa chimene wadya, pomwe dokotala akufuna kudziwa chomwecho.

Chiweto chikadya

Chotsani ana kaye. Valani majumbo m'manja musanachigwire, chifukwa masanzi ndi dovu lake zili ndi poizoni. Mankhwala ena a makoswe, a ufa wakuda, amatulutsa mpweya woipa akafika m'mimba, choncho chiweto chisanzire panja, osati m'chipinda chotseka. Funani alangizi a ziweto kapena dokotala wa ziweto mwachangu. Bungwe la LSPCA muno mu Lilongwe lili ndi chipatala cha ziweto. Ngati ndi mankhwala ochedwa aja, musadikire magazi kuti aoneke. Galu amene wathandizidwa tsiku loyamba amakhala ndi mwayi waukulu, ngakhale kuti ayenera kumwa mankhwala kwa milungu itatu kapena inayi. Chikafa, chikwirireni mozama kutali ndi chitsime, ndipo pamwamba ikani miyala kuti agalu asafukule.

Kuthana ndi makoswe popanda kuika banja pangozi

Makoswe amatsata chakudya ndi pobisala. Chimanga ndi ufa zikhale m'migolo kapena m'ndowa zotseka, matumba asagunde khoma kapena pansi, mbale zisagone ndi nsima, madeya a nkhuku asatsale pabwalo usiku. Mabowo a m'munsi mwa khoma ndi chitseko atsekedwe ndi simenti kapena lata. Msampha ndi diwa zimagwira ntchito ngati mwatchera zambiri nthawi imodzi m'mbali mwa khoma, momwe makoswe amadutsa, komanso posafika ana. Khoswe wogwidwa pamsampha mumamuona, ndipo msampha subweretsa poizoni pakhomo.

Banja limodzi silingathe lokha. Kambiranani ndi alandilodi komanso anzanu a mumpanda, ndipo nkhani ya dzala losefukira ifike kwa amfumu ndi alangizi a zaumoyo. Ngati mwagwirizana kuti mankhwala ndi ofunikadi, gulani ovomerezeka, muwaike m'kabokosi kotseka kokhala ndi kabowo kolowa khoswe yekha, ndipo musawasakanize ndi nsima, usipa kapena mtedza pambale yoonekera, chifukwa mwana wokwawa amatola chilichonse. Dziwitsani nyumba iliyonse tsiku lothira, kuti amphaka, agalu ndi nkhuku zitsekeredwe. M'mawa uliwonse, kwa milungu iwiri, munthu wamkulu azizungulira mpanda wonse ana ndi nkhuku zisanatuluke, atole makoswe akufa ndi fosholo kapena jumbo, awaponye m'chimbudzi chokumba kapena kuwakwirira mozama, kenako asambe m'manja ndi sopo. Nyambo yotsala ichotsedwe ntchito ikatha.